Ndikuphunzira Chifinishi chifukwa cha Helmi

Mwana wanga Yohane,

Ndikhulupirira muli bwino ku Finland, iwe ndi mpongozi wanga. Kuno ku Armadale ndili bwinoko, akuvuta ndi mawondo.

Lamlungu lija mdzukulu wanga Helmi anandilankhula pafoni, ine osamva kanthu, mpaka anachokapo akulira. Unamutcha dzina osandifunsa, Chichewanso sunamuphunzitse. Zimenezi zimandiwawabe.

Ndiye mlongo wako wandiikira pulogalamu yophunzitsa Chifinishi pafoni. Mawu ake ndi aataliatali, ndipo ine sukulu ndinalekera panjira, moti ndimalakwa kwambiri. Koma foniyi sitopa nane. Imandikumbukira m'mawa uliwonse, kuposa iwe.

Lamlungu likudzali umupatse foni mwanayo. Ndikamupatsa moni wokhotakhota usandikonze. Akandiseka umuleke, kusekako ndikumva ndekha popanda wondimasulira.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine bambo ako.