Ndinanena za Mwendo Wanu kwa Aphungu

Nsaru,
Lilongwe.
9 Seputembala, 2013.

Okondedwa achimwene a Stanislaus,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Mtedza tinakolola wokwanira, ndipo nyumba ya malemu abambo taifoleranso. Odwala ndikuwagonekabe pa benchi la abambo lija la mlombwa. Matenanti a ku esiteti amabwera misana itauma ndi mabelo a fodya, ine n'kumawasisita ndi mafuta a nsatsi monga ankachitira eni ake. Fungo la mafutawo limandibwezera kale, inu mukukazinga nsatsi, ine ndikusinja, abambo akuimba nyimbo za Chilatini za ku Nambuma zomwe tanthauzo lake sankalidziwa n'komwe.

Mwina munamva kuti kuno akukonza lamulo lokhudza ife owongola misana ndi mafupa. Poyamba analemba kuti aliyense wopanda pepala la sukulu ya zachipatala asagwirenso thupi la wodwala. Tinachita mantha. Tinasonkhana anthu makumi atatu ochokera ku Kabudula, Mpingu ndi Namitete n'kuyambitsa bungwe. Wapampando ndi a Jonasi, aja ankabwera kudzaphunzira kwa abambo pa njinga yopanda mabuleki. Tinalemba makalata kasanu konse, ndipo mwezi wathawu komiti ya aphungu inatiitana mumzinda.

Mu minibasi a Jonasi anatilangiza kuti, "Kumeneko tikanene zabwino zokhazokha. Palibe amene anapundukapo m'manja mwathu, mwamva eti?" Tonse tinavomera.

Zinkayenda bwino mpaka pamene phungu wina wamayi, yemwe kale anali namwino, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mayi, inu mwakulira m'ntchitoyi. Kodi fupa likathyokeratu, mumadziwa bwanji kuti mwalilumikiza bwino, popeza m'kati simuonamo?"

Achimwene, ndinafuna kunama. Koma m'maso mwanga munabwera inu muli ndi zaka khumi ndi ziwiri, ngolo itakupondani kudambo, amayi akuchonderera kuti mupite kuchipatala ku Namitete, abambo akuti, "Ndawongola dera lonseli, ndilephere mwana wanga?" Paja ndine ndinagwira nsungwi pamene ankamanga luzi, inu mukuluma malaya.

Ndinanena zonse. Ndinati mwendo unapola wokhota, mpira munausiyira pomwepo, ndipo abambo sanamangenso fupa lothyoka mpaka tsiku lawo lomwalira. Aliyense wotero ankamukweza pa ngolo yawo okha kupita naye kuchipatala. Ndinapempha kuti lamulo litisiyire misana, makosi ndi kubinya, atilembe m'kaundula ndi kutiphunzitsako, koma fupa lothyoka likhale la achipatala.

Tinakwera minibasi yobwerera. Potsika a Jonasi anati, "Mwagulitsa dzina la bambo anu, mayi." Anthu asanu ndi awiri atuluka m'bungwe. Koma sabata yatha kwabwera kalata yoti komiti yasintha ndime ija, ndipo yalemba pafupifupi monga ndinapemphera. Lamulo silinadutse, komabe tayambako kupuma.

Chandilembetsa kalatayi si chimenecho ayi. Dzina lanu ndinalitchula, ndipo mawu anga anamveka pa wailesi. Zaka makumi atatu anthu ankadziwa zomwe tinagwirizana pakhomo, zoti ngolo inaphwanyiratu fupa moti palibe akadaliwongola. Inu munasunga zimenezo osadandaula ngakhale kamodzi. Munangokana kuphunzira ntchitoyi, kenaka munachoka. Nkhaniyi inali yanu, ine ndaiulula pagulu osakupemphani. Pepani, achimwene. Atandifunsanso ndinganenebe zomwezo, koma ndikadayenera kuyamba ndauza inu.

Ngati mwakwiya, ndilembereni ndithu, ngakhale mizere iwiri yokalipa. Chimene ndikuopa n'kuti mungokhala chete.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Fred ndi kwa Nelia, amene ndimangomudziwa pa chithunzi. Amayi akupereka moni. Maso afooka koma makutu ali bwino, moti wailesi ija anaimva okha ali pakhonde. Analira, kenaka anati zimenezi zinayenera kunenedwa abambo adakali moyo. Andituma ndikufunseni ngati mwendowo umawawabe nyengo yozizira. Akuti akhala akufuna kukufunsani chichokereni inu, koma ankachita manyazi. Akuti musawayankhe kuti muli bwino pongofuna kuwasangalatsa.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Rozaria.