Anamata paipi ya chimbudzi ndi phula chifukwa chondikonda

Aphungu,

Pepani, nkhani yanga ndi ya kuchimbudzi, ndiye ngati mukudya yambani mwamaliza. Ndine mayi wachikulire. Ine ndi amuna anga, a Toader, timaweta njuchi. Chaka chilichonse kunja kukafunda timakweza ming'oma pa lole, kalavani yathu kumbuyo, n'kumatsata maluwa. Panopa tili m'nkhalango kufupi ndi tauni ya Babadag kumene mitengo yotchedwa tei, imene njuchi zimaikonda, yachita maluwa, ndipo amenewa akatha tisamukira kuminda ya mpendadzuwa. Kalavaniyo ndi yakale ndiponso yopanikiza, moti wina akafuna kuvala nsapato mnzake amayamba watuluka. Koma ndimo takalambira awiriwiri, ndipo ndimaikonda kuposa nyumba yathu ya njerwa.

Kale tinkangopita kutchire. Mawondo anga atayamba kuvuta, a Toader anandigulira kachimbudzi kokhala ndi thanki yosolola pansi. Anakaika okha, n'kutulutsa kapaipi ka mpweya padenga. Zonse zinkayenda bwino mpaka mwezi watha, pamene njuchi ina inalowa kudzera pa kapaipiko n'kundiluma pamalo oti sindingawalembe m'nyuzipepala. Ndinatuluka ndikukuwa, siketi ili m'manja. Anzathu oweta njuchi amene amanga misasa pafupi nafe anaseka mpaka kugwetsa misozi. A Toader okha ndi amene sanaseke. Anatenga makwerero, sanza ndi phula la njuchi, n'kukamata kapaipiko osasiya ndi kampata komwe. Potsika anati, "Njuchi zanga zizindiluma ine, amayi. Inuyo sindinakutengeni kwanu kuti mudzakhale ndiwo za njuchi."

Ndinawakonda kwambiri tsiku limenelo. Koma kuyambira pomwepo, fungo limene linkatulukira padenga likumatsalira m'kati. Dzuwa likaswa mtengo, m'kalavani simukhalika. Fungolo lalowa m'zofunda, m'matawulo, ngakhale m'buledi. Mankhwala opopera onunkhira sindingagwiritse ntchito, chifukwa njuchi zimalusa nawo ndipo uchi umakoka fungo lililonse. Ndayesa masamba a timbewu tonunkhira, ndayesa makoko a ndimu, dzana ndathiramo jiki mpaka maso kuyabwa. Palibe chasintha.

Mwina mukudabwa kuti bwanji osangowauza achotse phulalo. Apa ndi pamene pagona nkhani. Amuna anga sakumvanso fungo. Chidwalireni chimfine chachikulu m'nyengo yozizira, mphuno yawo inangofa. Amwapo mkaka wosasa n'kumauyamikira. Sabata yatha mnzawo, a Zamfir, analowa kudzamwa khofi. Asanakhale n'komwe pansi anatsokomola n'kunena kuti, "Achimwene, mwasungamo maliro a ndani muno?" A Toader anaseka, nati, "Ndevu zakozo n'zimene zikukununkhira, kasambe." A Zamfir anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi, ndipo khofi wawo anakamwera panja.

Aphungu, mphuno imeneyi ndi imene inawatchukitsa. Ankati akangotsegula mng'oma n'kununkhiza, ankadziwa kuti muli matenda owoletsa ana a njuchi maso asanaone kanthu. Anthu ankabwera ndi galimoto kudzawatenga kuti akanunkhize ming'oma yawo. Ndipo akhala akunena kwa zaka zambiri, mwanthabwala koma mochokera pansi pa mtima, kuti, "Tsiku limene mphuno iyi idzafe, mudzagulitse ming'oma yonse."

Mwana wathu Crina, amene amakhala ku Constanța, akungodikira mawu amenewo. Pafoni sasowa kunena kuti, "Amayi, mwakulatu. Gulitsani zimenezo mubwere kuno. Chipinda chilipo, chimbudzi chenicheni chiliponso." Akunena chifukwa chotikonda, ndikudziwa. Wati abwera ndi amuna ake ndi ana kudzationa tikafika ku mpendadzuwa. Akadzangolowa m'kalavani n'kuona bambo ake akudya mosangalala m'fungo limenelo, basi, wapeza umboni. Koma ine amuna anga ndimawadziwa. Mukawaika m'nyumba yosanja yopanda njuchi, afota ngati ndiwo zamasamba padzuwa.

Chimandimvetsa chisoni n'chakuti masiku ano achita kuwonjeza chikondi. Akatsegula mng'oma uliwonse amandiitana, "Amayi, tabwerani mudzaone kukongola kwa ana awa," n'kundibweretsera chisa pafupi ndi nkhope. Ine ndimangoyamikira.

Ndiye ndithandizeni. Pali mankhwala anji opanda kafungo amene ndingathire mwakachetechete kuti fungoli lithe Crina asanafike, phula lili pomwepo, a Toader osadziwa kanthu?

V.T., Buzău

Mayi V.T.,

Ndaseka nawo za njuchi ija, mundikhululukire. Kenako ndasiya kuseka, chifukwa mwandipempha zinthu ziwiri. Fungo ndikuthandizani kulithetsa. Kubisa ndiye ayi.

Tiyambe ndi jiki: musiyeni lero lomwe. Amadya mphira wa chimbudzicho, ndipo akasakanikirana ndi mkodzo kapena mankhwala ena amatulutsa mpweya wopweteka m'chifuwa. Maso anu ayamba kale kukuchenjezani. Kakhuthuleni thankiyo, muitsukuluze ndi madzi ambiri mpaka atuluke oyera, ndipo tsegulani mazenera.

Mankhwala oti alowe m'malo mwa kapaipi kaja kulibe. Zonyansa zikatenthedwa zimatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ukapeza njira yapadenga yotseka, umabwerera kwa inu. Phulalo lichoke. M'malo mwake mangiriranipo kagozi waya ka maso ang'onoang'ono, ngati kamene mumaika pa ming'oma posamuka. Mpweya uzituluka, njuchi zizibwerera panja, ndipo malo anu osatchulika aja akhala pamtendere.

Kenako yang'anani kamphira kozungulira pakamwa pa thanki, pamene pamatseka kachitseko kosolola. Kakauma kapena kung'aluka, fungo limadutsa ngakhale mutatseka. Katsukeni ndi madzi ofunda, mukapake timafuta ta maolivi pang'ono, osati vasilini. Ngati kang'ambika gulani kena, n'kotsika mtengo. Kachitsekoko kazikhala kotseka nthawi zonse pamene palibe munthu.

Nyengo yotentha ino musadikire kuti thanki idzaze. Muzikhuthula pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo musanaibwezere muzithiramo madzi pang'ono kuti pansi pasaume, pamodzi ndi mankhwala a zimbudzi za kalavani. Funsani osanunkhiritsa, alipo. Mapepala akhale opyapyala, osungunuka msanga. Mukafika ku mpendadzuwa kulibe mitengo, ndiye imikani kalavani moti mbali ya chimbudzi ikhale kumthunzi masana. Mununkhizenso sinki, chifukwa nthawi zina madzi otsukira mbale ndi amene amanunkha, chimbudzi n'kumanamiziridwa. Za kokhuthulira sindikuphunzitsani: kuchimbudzi chenicheni kapena malo ovomerezeka, kutali ndi ming'oma ndi mitsinje. Mukudziwa kundiposa kuti njuchi sizinyansidwa ndi madzi akuda.

Za chimbudzi zathera pamenepa. Tsopano khalani pansi, mayi.

Werenganinso kalata yanu. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akununkhiza ming'oma angalephere kudziwa kuti sakumva fungo la uchi? Akhala m'nkhalango ya tei maluwa ali mbuu, osamva kanthu, ndiye mukuganiza kuti sanazindikire? Anadziwa inu musanadziwe. Chisa chimene amakubweretserani pafupi ndi nkhope si chikondi chokha. Akubwereka mphuno yanu. Akuyang'ana ngati mutakwinye nkhope. Inu mukuwabisira kuti asasweke mtima, iwonso akukubisirani kuti musadandaule, ndipo nonse awiri mukugona m'fungo chifukwa chochitirana chifundo. Zandigwira mtima, koma zakwana.

Musayambe ndi mphuno. Yambani ndi kuthokoza. Auzeni kuti phula lija linakusangalatsani, koma likubweza mpweya, ndiye akuikireni kagozi waya. Mwamuna wotere akapatsidwa ntchito yokonzera mkazi wake chinthu sachita manyazi, amathamangira makwerero. Akatsika, mukhale nawo pansi muwauze kuti mukudziwa. Muwapemphe akuphunzitseni mmene mng'oma wodwala umanunkhira, muzinunkhiza inu iwo n'kumaweruza. Nzeru zawo zili m'mutu, sizinapite ndi chimfine. Mawu aja ogulitsa ming'oma anawanena asanaganize kuti pakhomo pali mphuno ziwiri. Akaonanenso ndi dokotala, pakuti kwa ena mphamvu yomva fungo imabwerera pang'onopang'ono, ndipo ndi bwino kudziwa chimene chinayambitsa.

Crina musamudikire kuti atulukire yekha. Mwana akagwira makolo akubisa chinthu amayamba kuwalamula. Akauzidwa ndi makolo amene akonza kale njira, amamvetsera. Muimbireni nonse awiri asanabwere. Mwina adzakakamirabe zoti mugulitse, poti ndi mwana wanu, koma adzapeza zenera lotsegula, zofunda zochapa, ndi anthu awiri odziwa chimene akuchita.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo pano sindikuseka. Fungo la chimbudzi limachititsa manyazi, koma silipha munthu. M'kalavani mumaphikira gasi, ndipo gasi akamatuluka pa paipi yobooka, chimene chimapulumutsa munthu ndi mphuno. Tsiku lina mudzapita kumsika, a Toader n'kulowa okha ndi machesi m'manja. Gulani kachipangizo kolira gasi akatuluka, sabata ino, ndipo muwauze chifukwa chake. Chinsinsi chanucho mukuti chikuwasungira ming'oma, koma chingakulandeni mwini ming'omayo.

Muwauze musanayatse moto wa khofi wa mawa.

Aphungu