Laputopu ya Elliam asaifufute

Cape Town
14 Julayi

Okondedwa achemwali a Dailesi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Balaka kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja wasiya kutupa? Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira koopsa, ndipo mtima sunakhale pansi chibwerereni ku maliro a mlongo wathu Elliam.

Mukudziwa kuti zaka zinayi zonse zimene ankaphunzitsa ku Ntaja, Elliam ankalemba buku. Tsiku logawa katundu wake, laputopu inapita kwa atsibweni a Wyson a ku Nselema. Sindinatsutse, poti ndinali nditakopera kale bukulo pa fulashi. Ndinkadziyesa wochenjera, achemwali.

Nditafika kuno ndinalowetsa fulashiyo mu kompyuta ya kuntchito, ya Windows, koma bukulo silinatseguke. Pa ya mnzanga Rose, ya Mac, chimodzimodzi. Mwamuna wa Rose amakonza makompyuta. Iye anandifotokozera kuti Elliam anaika Linux mu laputopu muja, ndipo ankalembera mu pulogalamu ya olemba mabuku, imene imasunga mutu uliwonse pawokha. Tinayesa mapulogalamu atatu mpaka tinapeza yoyenda pa makompyuta onse. Bukulo linatsegukadi. Koma ine mbuli ndinakopera mndandanda wa mitu wokha. Nkhani yeniyeniyo inatsala mu laputopu.

Mituyo ilipo 23. Ndaiona kambirimbiri mpaka ndaiiloweza, moti ndimaitchula chamumtima m'sitima popita kuntchito. Wina ndi "Njinga ya ababa", wina "Chaka cha ntchemberezandonda". Wotsiriza ndi dzina langa basi, Bernadetta. Ndikadina pamenepo pamabwera tsamba loyera, kamzere kakungophethira, ngati munthu watsegula pakamwa mawu osatuluka. Paja ine ndi iye tinasiyana titayambana pa nkhani yobwera kuno ija, ndipo wapita tisanalankhulanenso. Zikundipweteka kwambiri.

Tsono pempho langa ndi ili. Monica, mwana wa atsibweni, wandiuza pa foni kuti laputopuyo ikumuvuta poti ndi yachilendo. Akuti kumapeto kwa mwezi uno bambo ake aipititsa kwa wokonza wina pafupi ndi siteshoni ku Balaka konko kuti aikemo Windows. Akatero afufuta zonse. Atsibweni ndinawaimbira, koma anandiyankha kuti katundu wamasiye akagawidwa sabwerera, ndipo ndisawaphunzitse mwambo ndili kunja.

Inu amakumverani. Chonde kwerani minibasi mupite ku Nselema sabata ino. Musakawalande iyayi, ndi yawo ndithu. Mukangowapempha kuti aikulunge m'nsalu, aiike m'sutikesi, asaipereke kwa aliyense mpaka ndidzafike pa Khirisimasi. Monica asadandaule, ndidzamubweretsera ina ya Windows imene akuifunayo.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali a ku Liwonde ndi kwa ana onse. Atsibweni muwauze kuti sindinafune kuwachitira mwano.

Kaya Elliam anandikhululukira m'mutu wa dzina langa uja, kaya anandikalipira, ndikufuna ndimumve yekha akunena. Mwamuna wa Rose wandichenjeza kuti mwina sanalembemo kalikonse. Ngakhale zitakhala choncho, achemwali, ndidzaone ndekha kuti anamwalira asanalembe, osati kuti tinafufuta ndife.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Bernadetta