Rimoti Yofa Teni Koloko

Lolemba, 10 Juni 2024

Rimoti ya wailesi yathu ya asilikali yafanso. Teni koloko ndendende, ngati ili ndi wotchi. A Sajeni Kinsley andilalatira pagulu: "Petro, ndiwe wa mawailesi kapena wokumba mbewa?" Akuti ikadzafa Lachisanu a Meja ali pano, tchuthi ndiiwale. Mkazi wanga Anne mwezi wake ndi uno, mwana woyamba. Ndapsa mtima, nkhomaliro sindinadye.

Lachiwiri, 11 Juni

Kulongosola mpaka kukamwa kuuma, palibe akumva. Wailesi ndi mlongoti zili pamwamba pa phiri, chifukwa kunsi kuno mawu satuluka. Mutenti muli kabokosi ka rimoti basi. Ukadina batani loyankhulira, kamoto kamayenda mu waya wa nsinga ziwiri, makilomita awiri, kukadzutsa wailesi kumtundako. Nsingazo zikakhudzana, zii.

Mabatire ndasintha. Filii koloko yadzuka yokha, ngati ikundiseka.

Lachitatu, 12 Juni

A Sajeni akuti ndi amakala a kwa Nthache, akudula waya womangira matumba panjinga. Waya wodulidwa n'kumadzilumikiza wokha masana? Ndangoti inde bwana. Madzulo ndautsata wonse, uli bwinobwino.

Anne wayimba foni. Miyendo yatupa. Wafunsa ngati ndibwera, ndati inde.

Lachinayi, 13 Juni

Lero ndautsata pa ola lake lofera. Kuseri kwa kanyumba kena, pomwe ndinaukweza pakati pa mitengo iwiri ya mango kuopa mbuzi, ndapeza zitenje, matewera ndi bulangete, zonse zikudontha. Pa waya wanga!

Mwini wake, mayi Iness, ataona yunifolomu anataya beseni. "Pepani bwana, ndimayesa chingwe chotayidwa. Musanditenge, mwana akuyamwa."

Ndinali nditakonzeka kukalipa. Koma nditachotsa bulangete, pansi pake panali mfundo yomwe ndinalumikiza ndekha sabata yatha. Tepi inandithera tsiku lija, ndinangokulunga ndi pepala la shuga. Madzi akalowa, nsinga zimagwirana. Zovala zikauma, rimoti n'kudzuka. Manyazi ake!

Ndakonza ndi tepi yeniyeni, ndalumikiza kafoni koyesera. A Sajeni ayankha pompo: "Wamugwira wakubayo? Bwera naye."

Mayi aja akungondiyang'ana, khanda kumbuyo.

"Palibe wakuba, bwana. Ndi mfundo yanga."

Nditabwerera kutenti ndinawafotokozera zonse, ndi za matewera zomwe.

Lachisanu, 14 Juni

Ndalawirira kukawamangira mayi Iness chingwe cha tenti choti aziyanikapo zovala. A Meja ayankhula pa rimoti teni koloko mpaka leveni, osadukiza.

Atachoka, a Sajeni anditulutsira kalata ya tchuthi, yosasayina. Aigwira nthawi yaitali.

"Matewera, eti?"

"Inde bwana."

"Ukaphunzire kuyanika ako. Bweretsa cholembera."