Mipando Yobwereka

Wokondedwa mchimwene wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, ndiponso kuti chifuwa unkadandaula nacho chija chinakusiya. Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma pakamwa pokha ali bwinobwino. Mlamu ndi ana onse ali moyo.

Ndalemba pamanja m'malo moimba foni chifukwa nkhani ikafika povuta umati netiweki yavuta. Pepala ulisunga, uliwerenga mpaka pansi.

Ukudziwa kale kuti mwana wako Namabuku anasankhidwa kukoleji ya unamwino. Zimene zachitika pambuyo pake sukuzidziwa. Mkazi wako akuopa kukuuza, ndipo mwanayo amakulemekeza kwambiri moti sangayerekeze.

Pali bungwe lina limene limalipirira ana ochokera m'mabanja osowa fizi, malo ogona ndi mabuku. Namabuku analifufuza yekha. Anasonkhanitsa zotsatira za mayeso ndi kalata ya aphunzitsi aakulu, n'kulemba mbiri ya banja lake mosawonjezera kanthu. Ndinaiwerenga ineyo asanatumize. Gawo loyamba anadutsa. Kunangotsala kuti anthu a bungwelo abwere adzaone pakhomo ndi maso awo.

Mlamu atamva kuti kukubwera alendo pa nkhani ya koleji, anati mwana wake sachititsidwa manyazi iye ali moyo. Anapita kwa mayi a saluni kukabwereka mipando ya sofa. Kwa aphunzitsi opuma a kuseri kuja anakatenga wailesi ya kanema imene ngakhale kwa eni ake siyaka. Makatani anachokera kwa atelala, a kasitomala wina amene anali asanabwere kudzatenga. Mabenchi athu anawabisa kuseri kwa bafa. Pamalo podontha paja, pamene timatchera beseni, anaikapo katebulo ka maluwa a pulasitiki. Firiji inabwera pa wilibala, kulowa m'nyumba imene magetsi anadula kalekale.

Ine ndinali kuntchito. Nditafika masana ndinaima pakhomo, n'kubwerera panja kukaona ngati ndalowa nyumba yolondola.

Namabuku anali atayesa kale kuwauza amayi ake kuti anthuwo akubwera kudzaona kusowa kwathu. Anamuyankha kuti mlendo amalandiridwa ndi ulemu, osati ndi beseni. Amayi athu anavomereza, ati chibadwire sanaonepo munthu akuyanika usiwa wake pachingwe kuti odutsa aone. Alendo anagogoda ndisanatulutse ngakhale duwa limodzi.

Anali mayi wachikulire wa magalasi ndi bambo wina wogwira cholembera. Anakhala pa sofa, anamwa tiyi m'makapu a mayi a saluni. Bambo uja anayang'ana firiji, n'kulemba. Anayang'ana wailesi ya kanema, n'kulemba. Atafunsa za bambo a mwana, mlamu anakhala tsonga, n'kunena kuti mwamuna wake ndi kapitao pa kampani yomanga misewu, anthu ambiri amamvera iye. Anatulutsanso chithunzi chako chija waima pambali pa galimoto yoyera. Namabuku anangoyang'ana pansi mpaka alendo anatsanzika.

Yankho linabwera sabata yatha. Ati banjali likuoneka kuti lingathe kudzilipirira lokha.

Mwana wako sanalire. M'mawa mwake anapita kwa mayi a saluni omwe aja kukapempha ntchito yotsuka anthu tsitsi, ndipo anamulemba. Ndinamupeza dzulo ataweramira mutu wa mayi wina, manja ali mbuu ndi mankhwala. Nditamuitanira panja anandiuza kuti, "Azakhali, musavutike. Nakonso kuno ndikusamalira anthu."

Mawu amenewa ndi amene andilembetsa kalatayi.

Ndinapita ku ofesi ya bungwelo, ndinawapeza mayi a magalasi aja, ndipo ndinawafotokozera zonse kuyambira pa sofa mpaka pa wilibala. Anaseka pang'ono, kenako analeka. Anati ife si oyamba kuchita zimenezi, ndipo iwo anakayikira ataona chingwe cha firiji chili chokulunga pamwamba pake. Koma ntchito yawo ndi kulemba zimene aona ndi zimene auzidwa. Anati tikhoza kuchita apilo. Za m'nyumba adzabweranso osatiuza tsiku. Koma za ukapitao, mawu ayenera kuchokera kwa mwini wake. Akufuna kalata yako, ndi ina ya abwana ako yonena ntchito imene umagwira ndi malipiro ake. Zikapanda kufika pofika kumapeto a mwezi uno, malo a Namabuku kukoleji apatsidwa wina.

Mchimwene, ndinakubereka kumbuyo ine. Ndikudziwa kuti iwe si kapitao.

Pachithunzi chija waima patali ndi galimotoyo ngati munthu woopa kuidetsa. Nsapato wavala zija ndi za alonda, ndimaziona tsiku ndi tsiku pa geti ya kuntchito kwathu. Ndipo kapitao sanong'ona pafoni n'kudula mwadzidzidzi hutala ya galimoto ikalira pa geti. Sindinauze munthu aliyense, chifukwa inali nkhani yako ndipo sinkapweteka wina. Lero ikupweteka.

Ulonda si tchimo. Ndi umene wadyetsa ana awa, ndi umene wamufikitsa Namabuku kumapeto a sekondale. Bodza lako silinagulepo ngakhale kope limodzi. Geti ndi imene yagula onse.

Ndikudziwa chimene ukuopa. Mzere wonse wa nyumba zathu umati mlamu ndi mayi a kwa akapitao. Anthu adzalankhula, inde. Adzalankhula mpaka mwamuna wa wina adzagwidwe kwina, kenako adzakuiwala. Koma mwana wako akakhala ku saluni chifukwa cha chithunzi, iweyo sudzaiwala, ngakhale iye atakukhululukira, ndipo ndikumudziwa, adzakukhululukira osanena kanthu.

Amayi ndiwauza ndine, ndikudziwa powayambira. Mkazi wako umuuze wekha, ndi pakamwa pako, kalata ya abwana akoyo isanafike kuno. Usamudzudzule za mipando. Anachita zimene iwe unachita, kusiyana kwake n'koti iye anagwiritsa ntchito wilibala.

Sofa tinabweza tsiku lomwelo. Makatani ali kwa mwini wake, mabenchi alowanso m'nyumba, beseni lili pamalo pake ndipo mvula ya dzulo yalipeza. Zobwereka zonse zabwerera. Kwatsala chako chokha. Bweza, mchimwene, mwana apite kusukulu.

Mulungu akusunge pa getipo, akupatse mphamvu yokagogoda ku ofesi ya abwana ako mawa lomwe. Undiperekere moni kwa msuweni wathu amene ukukhala nayeyo, umuuze kuti wasunga chinsinsi mokwanira, apume tsopano. Amayi akuti uzivala zotentha.

Ndine mlongo wako,
Azakhali ake a Namabuku