Phazi la Alamu Anu

9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno tikudzuka, ndingotero. Nsalu ya diresi ya ukwati wa mwana wanu inafika, koma werengani kaye mpaka kumapeto, chifukwa ndili ndi mlandu kwa inu.

M'kalata yapita ija ndinakuuzani kuti alamu anu ayamba kuchira, ndipo ndinalemba ndi chimwemwe chenicheni. Chigwereni pamakwerero paja, akupachika chikwangwani cha shopu yawo ya utelala, miyendo inangoti zii miyezi inayi. Ndiye tsiku lina anandipempha kuti ndiwakankhire chikuku pafupi ndi makina osokera, ndiike phazi lawo pachopondera, angokumbukira. Nditangolikanikiza, phazi linayamba kugunda lokha, makina n'kulira, singano n'kuthamanga. Ndinalira ngati mwana. Bambowo, amene mukudziwa kuti amaseka kamodzi pachaka, anaseka mpaka kutsokomola, amvekere phazi la telala siliiwala ntchito. Tsiku lomwelo analamula kuti mutumize nsalu, diresi asoka okha.

Sabata yotsatira ndinakafotokozera mayi amene amawongola miyendo ya odwala kuchipatala. Ndinkadikira kuti aombe m'manja, koma iwo anawasiya alamu anu m'kati n'kundiitanira pakhonde. Anandiuza mofatsa kuti mawu oti mwendo uyende amachokera muubongo n'kutsika m'mitsempha ya mkati mwa msana, ndipo mawu oti uleke amadzeranso njira yomweyo. Ya alamu anu inadukira pamene fupa linathyoka. Mwendo uli moyo, koma ukakokedwa umangodzichitira zake, ngati ana otsala okha pakhomo. Anati ndidzaone chinthu chimodzi: akafuna kuliimitsa phazilo, limaima?

Mlandu wanga uli pamenepa. Sindinawauze. Ine wapakamwa, amene amayi ankati sindisunga kanthu m'mimba, ndinakhala chete masabata atatu. Munthu anali atayambanso kudya, kumeta ndevu, ngakhale kundikalipira ndikasuntha sizasi yawo. Tsiku lililonse ndinkati ndiwauza mawa.

Lachiwiri lapitali anadula nsalu yanu. Manja ali bwinobwino, choko ndi sizasi zinayenda monga kale. Msoko wautali wa m'mbali unatuluka wowongoka, moti nanenso ndinayamba kuganiza kuti mwina mayi aja analakwitsa. Atafika pakhosi pa diresi, pofunika kuima ndi kutembenuza nsalu, phazi silinaime. Akanatha kugwira gudumu ndi dzanja, koma sanatero, ankafuna phazilo liwamvere. Ndinawaona akuliyang'ana, akuluma mano, thukuta kamukamu. Singano inadutsa pakhosi mpaka pachifuwa, nsalu inakwinyika, kenako inang'ambika. Ndinagwira gudumu ndine, koma phazi linapitiriza kunjenjemera pachopondera.

Kenako anandifunsa osandiyang'ana.

"Mayi a ana, tsiku lija pakhonde anakuuzani chiyani?"

Ndinawauza zonse.

"Ndiye munandisiya ndidule nsalu ya mwana."

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Chiyambire tsikulo chakudya amangolawa, makina anati ndiwavundikire, ndipo ine amandiyankha mwaulemu ngati mlendo. Miyendo ikuumirabe, ndikamawasambitsa imadzipinda yokha, ndiye tonse timayang'ana kumbali. Mayi a kuchipatala akuti tiziiwongolabe kuti isapindikiretu, koma za kuyenda sanalonjeze kanthu. Ndatopa, Achemwali. Miyendo ndinali nditayamba kuizolowera, koma ndikuopa kuti munthuyo sadzandikhulupiriranso, ndipo zimenezi zikundipweteka kwambiri.

Chonde pezani telala wina kumeneko nthawi ikadalipo. Mwanayo mumuuze kuti wolakwa ndine, osati bambo ake aang'ono, chifukwa iwo anaiyeza nsaluyo katatu asanaikhudze ndi sizasi. Kuukwatiko musatidikire. Ukwati ukatha, mukapeza mpata, mubwere mudzangokhala nane masiku awiri, ngakhale osalankhula kanthu.

Moni kwa bambo a kunyumba ndi ana onse, makamaka mkwatibwi. Ndawafunsa alamu anu ngati ndiikepo moni wawo. Ati ndilembe chimene ndikufuna, poti ndine amene ndimasankha zoti anthu adziwe.

Ndine mng'ono wanu.