Nambala Yanu Yafiira, Amayi

Amayi, Takondwa watha magazi. Zikhatho zake zayera mbee, milomo nayonso, ndipo adokotala akuti asafike mawa asanalandire ena. Achimwene a Yohane sakuyankha foni. Ndayambira pamenepa chifukwa ndi zimene zandikhala pamtima.

Pepani, moni ndalumpha. Kodi kumeneko mwadzuka bwanji, Amayi? Miyendo ija inaleka kutupa? Ine ndikulemba ndili pakhonde la wodi ya ana kuchipatala. Pepalali wandipatsa mayi wa bedi loyandikana nalo, cholembera ndabwereka kwa anesi. Zilembo zikapindika musandiseke.

Mdzukulu wanu uja munamusiya akukwawa, pano amathamanga mpaka kudimba. Ndiye malungo amugwira moipa. Tinayamba ndi chipatala chaching'ono, iwo atangomutsegula chikope anatitumiza kuno. Magazi anamupatsa kamodzi, anatsegula maso n'kupempha madzi, koma akuti sanakwane, ndipo magazi a gulu lake atha. Ndinatambasula mkono wanga, anesi anandiyang'ana pamimba n'kupukusa mutu. Eya Amayi, ndili ndi pakati. Nkhaniyi ndimafuna ndidzakuuzeni tsiku labwino nditakhala pansi, osati chonchi. Bambo ake a Takondwa akadali ku Joni. Mayi aang'ono a Rozina anabwera, atawayeza anapeza kuti nawonso magazi ndi ochepa. Kumudzi ndinatumiza uthenga, koma mukuwadziwa anthu akwathu ndi nkhani ya magazi. Aliyense mwadzidzidzi ali ndi chizungulire.

Wotsala ndi Yohane. Gulu la Takondwa ndi lanu lomwe lija, ndipo amene anakupatsani magazi pamene munagonekedwa ndi achimwenewo. Sali kutali ayi. Mlamu wanga, akazi awo, akuti thiraki yawo ili tsidya linalo ku Zambia, cha ku Chipata, ikudikira katundu. Atangomva, dzuwa lisanapendeke akhoza kukhala atafika. Koma amve bwanji?

Vuto ndi nambala yanu, Amayi. Ndikufotokozereni bwinobwino, poti inenso ndazimvetsa lero lomwe.

Titakuikani m'manda, foni yanu ndinatenga ndine pamodzi ndi bizinesi ya chiponde ndi mtedza wokazinga. Munkanena kuti foni ndi khomo la sitolo, sutseka anthu akudutsa. Madalaivala onse a pachipata cha malire amadziwa nambala imeneyo, ena anailemba kuti Mayi Chiponde. Titameta, ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuwaimbira mmodzimmodzi monga anandandalikidwira m'fonimo, kuwauza kuti chiponde sichinafe, mwana wawo ndikupitiriza. Ndimayesa ndikuchita zanzeru. Ena ankangoti halo n'kudula. Wina anakuwa kuti, "Mayi ameneyo tinamuika, iwe ndiwe ndani? Mbava iwe!" Ndisanatsegule pakamwa anali atadula kale. Ndinalira pang'ono n'kuimbira wotsatira.

Achimwene nawo tsiku limene ndinawaimbira koyamba anali pamsewu. Akuti ataona pafoni palembedwa kuti Amayi, thiraki inatsala pang'ono kulowa m'ngalande. Atabwera kumudzi anandikalipira. "Esinati, taya simu imeneyo. Ukufuna undiphe?" Ndinakana, ndinati makasitomala ndikawapeza kuti ndi nambala yachilendo? Iwo anafufuta nambalayo m'foni mwawo ine ndikuona, n'kunena kuti ndikadzagula yanga ndidzawapatse. Musawaweruze kwambiri. Nthawi ya maliro anu munthu wina anawaimbira kuti ndi wa bokosi, atumize ndalama msanga, iwo anatumiza, pomwe kunalibe bokosi lililonse. Chichokereni pamenepo nambala yosaidziwa sayankha, ndipo mnzawo anawaikira kanthu m'foni kotchinga akuba.

Miyezi yonseyi ndimadabwa kuti bwanji anthu sakuyankha. Mtedza chaka chino unabereka bwino kumunda wa kumtunda uja, ngakhale chimanga chinapserera ndi ng'amba. Ndinasinja chiponde chosalala ngati chanu, mchere pang'ono, koma mabotolo angokhala pawindo mpaka mafuta kuyandama pamwamba. Ndinkaganiza kuti mwina dzanja langa silikoma ngati lanu. Mpaka ndinayamba kukayikira mayi wa pa geti uja amene munkapikisana naye, kuti kapena wandichita chipongwe. Mulungu andikhululukire, mayi wa eni alibe mlandu.

Lero m'mawa ndakumana ndi a Tembo, dalaivala wa ku Zambia uja wamtali, amene ankagula mabotolo aakulu n'kumati akazi awo sadya ndiwo zopanda chiponde chanu. Abwera kudzaona mnzawo wovulala. Atandiona anati, "Iwe sisi, sindiwe mwana wa Mayi Chiponde? Manje unasowa kuti?" Ndinati ine kusowa? Ndakuimbirani mpaka chala kuwawa. Anati ndiimbe pompo aone. Ndinaimba. Amayi, foni yawo yonse inafiira psuu ngati magazi amene ndikuwasowawo. Sinalire n'komwe. Pamwamba panalembedwa mawu achizungu akuti sipamu, pansi pake wina analembapo kuti wakuba wa nambala ya malemu.

Ndinakhala pansi, pasimenti. Nambala yanu, Amayi! Inu amene munathamangira thiraki mpaka pa sikelo yoyezera mathiraki kukabweza chenje cha munthu. Lero mwasanduka wakuba m'mafoni a anthu amene ankakutchani mayi awo.

A Tembo andifotokozera kuti anthu angapo akadina kuti nambala iyi ndi yachinyengo, kanthu kaja kamauza mafoni ena onse, ngakhale a anthu amene sunawalakwire. Ndinafunsa kuti ofesi yake ili kuti, ndipite ndikagwade. Anaseka mondimvera chisoni. Akuti kulibe ofesi kuno, umalemba pa intaneti m'Chingerezi n'kudikira kuti akuyankhe, mwina sabata, mwina kuposa. Sabata! Ine wa sitandade sikisi ndilembe Chingerezi chopita kwa munthu wopanda nkhope, mwana ali gone? Pondipaka matope sanandifunse, sanaitane mboni, koma pondisambitsa akufuna kalata. Ngakhale mlandu wa nkhuku amayamba amva mbali zonse.

Musaganize kuti sindinayese njira zina. Ndabwereka foni ya anesi, sanayankhe. Ya mayi wa bedi loyandikana nalo, sanayankhe. Ndinalemba uthenga kuti mwana wadwala ali kuchipatala, bwerani msanga. Nditauwerenganso ndinazizidwa, chifukwa ndi mawu omwewo amene akuba amalembera anthu tsiku ndi tsiku. Atibera mpaka kalankhulidwe ka munthu amene ali pamavuto. Mlamu anayesa kuimba, koma akuti foni ya achimwene ikakhala tsidya linalo imagwira mwa apo ndi apo, ndipo mayunitsi anawathera. Tsono ndilire bwanji kuti andikhulupirire?

A Tembo ndi munthu, Amayi. Anapinda malaya n'kupita kukayezetsa, koma gulu lawo ndi lina. Atabwerako anati madalaivala ali ndi gulu lawo pafoni pomwe amauzana za mizere ya pachipata ndi apolisi apamsewu, ndipo achimwene alimo. Anati, "Kamba apa, nizatumiza mawu ako. Koma ukambe chinthu chamene kawalala sangadziwe." Kwawoko wakuba amati kawalala.

Ndinaganiza, ndinaganiza. Kenaka ndinagwira foni ija ndi manja onse n'kunena kuti, "Achimwene a Yohane, ndine Esinati mlongo wanu. Inu amene munalowetsa mtedza m'mphuno muli mwana, Amayi n'kukuberekani mpaka kuchipatala cha masisitere ku Guilleme, inu mukulira kuti asauchotse ndi wanu. Takondwa akufa. Akufuna magazi anu. Bwerani."

A Tembo anagwira pakamwa kuti asaseke, misozi ili m'maso. Ndawachititsa manyazi achimwene pamaso pa anzawo onse, ndikudziwa. Adzatchedwa Kamtedza mpaka kukalamba. Adzandikalipire ali pano, ndidzagwada ndi kupepesa.

Anzawo ayamba kale kuyankha. Wina akuti anawaona dzulo pamalo oimika mathiraki, wina akuti apita akawagogodere pachitseko. Wina wapepesa, akuti iye ndi mmodzi mwa amene anadina, ankayesa akuteteza dzina lanu. Ndimuyankhe chiyani? Koma achimwene eni ake sanatsegule uthengawo. A Tembo akungoyang'ana pafoni n'kumandiuza kuti, "Akalibe," kutanthauza kuti sanatsegulebe.

Zina zakumudzi ndidzakuuzani bwino. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri, denga la khitchini linagwa ndi mvula yomaliza. Panopa mutu suli pamenepo. Anesi angotuluka kumene kudzandifunsa ngati wachibale uja wafika. Ndawauza kuti ali m'njira. Ndanama, Amayi, chifukwa sindikudziwa.

Ndiye ndatembenukira kwa inu. Yohane sankamvera munthu wina aliyense koma inu. Mukangoti "Yohane!" kamodzi, ankasiya mpira uli pamwendo. Kumene muliko sikufuna netiweki, palibe angakudineni kuti ndinu wakuba. Ngati wagona m'thirakimo, mugwedezeni phewa. Ngati ali pa bawo, mumwazireni nkhomo zake. Muuzeni ayang'ane foni, akwere chilichonse chimene chili ndi matayala, adumphe chipata abwere. Takondwa akachira ndidzabwera naye kumanda, adzakuonetseni mmene amathamangira, ndikulonjeza.

Ndimakukondani, Amayi. Koma chonde musachedwe ndi kuwerenga kawiri. Pitani mukamudzutse, abwere lero, abwere tsopano lino.

Ndine mwana wanu,
Esinati